Mayeso onse anali obiriwira, koma ndalama zinadulidwa kawiri

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta mumzinda wa Mzuzu muno, ndipo ngakhale aliyense wabwera ndi vuto lake, onse akuzungulira nkhani imodzi, yomwe ndi mmene munthu angayesere pulogalamu yake pamene pulogalamuyo ikudalira zinthu zimene iye sazilamulira, monga kampani yotumiza mameseji, kampani ya ndalama za pafoni, databesi ngakhalenso wotchi. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira wa chaka chomaliza ndipo ndikulemba pulogalamu m'chiyankhulo cha pakompyuta cha Python yoti sukulu izitumizira makolo meseji yowakumbutsa za fizi yotsala. Nthawi iliyonse ndikafuna kuona ngati zimene ndasintha zikuyenda bwino, pulogalamuyo imatumizadi meseji, moti mayunitsi amene ndinagula atsala pang'ono kutha. Choipitsitsa n'chakuti tsiku lina usiku ndinaiwala kuchotsa nambala ya azakhali anga pamndandanda woyesera, ndipo analandira mameseji asanu ndi awiri owauza kuti ali ndi ngongole kusukulu imene alibeko mwana. Mnzanga wandiuza kuti ndigwiritse ntchito mock, koma mock amene ine ndikumudziwa ndi mayeso aja tinkalemba tisanalembe a MSCE. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo chindithandiza bwanji? Wophunzira, Luwinga.

YANKHO: Achimwene, kapepeseni kaye kwa azakhali anu, kenaka tiyambire pa chinthu chimene mnzanu uja anadumpha, chomwe ndi unit test. Amenewa ndi mayeso aang'ono, olembedwa ngati khodi (malangizo amene amapanga pulogalamu), amene amatenga kachigawo kamodzi ka pulogalamu, n'kukapatsa zinthu zodziwika, n'kuona ngati katulutsa chimene mwinikhodi amayembekezera. Kent Beck ndi Erich Gamma analemba JUnit, chida choyendetsera mayeso oterewa m'chiyankhulo cha Java, mu 1997, ndipo unittest imene muli nayo kale mu Python inatengera kapangidwe komweko. Mayeso oterewa amayenera kuthamanga, kutulutsa zofanana nthawi iliyonse, ndiponso kusadya ndalama, chifukwa munthu amawayendetsa kambirimbiri pa tsiku. Anu akulephera zonse zitatu, popeza amadikira netiweki, amasintha netiwekiyo ikavuta, ndipo akumaliza mayunitsi.

Pakati pa pulogalamu yanu ndi kampani ya mameseji pali chimene olemba mapulogalamu amachitcha interface. Ganizirani windo la kubanki: mumapereka fomu yolembedwa m'njira yovomerezeka, mumalandira lisiti kapena mumabwezeredwa fomuyo ndi chifukwa chake, ndipo zimene zikuchitika kuseri kwa galasi si nkhani yanu. Interface ndi pangano limeneli, lonena dzina la chimene mukupempha, zimene muyenera kupereka, ndi zimene mubwezeredwe. Mock ndi chinthu chongoyerekezera chimene mumachikhazika pawindo lija m'malo mwa kalaliki weniweni. Iye amayankha zimene inu mwamuuza kuti ayankhe, ndipo amasunga kaundula wa zonse zimene wapemphedwa, kuti pamapeto pake mumufunse kuti, kodi pulogalamu yanga inabwera kangati, ndipo inapereka chiyani? Njira imeneyi anaifotokoza Tim Mackinnon, Steve Freeman ndi Philip Craig, amene ankagwira ntchito ku London, pamsonkhano wa XP2000 umene unachitikira ku Sardinia m'chaka cha 2000. Mu Python simufunika kukoperanso china chilichonse, chifukwa unittest.mock, imene anailemba Michael Foord, inalowa m'chiyankhulocho kuyambira pa Python 3.3 mu 2012.

Ntchito yaikulu ili m'khodi yanu, osati mwa mock. Ndikukayikira kuti pakadali pano kachigawo kamene kamawerengera fizi yotsala ndi komweko kamene kamatsegula intaneti n'kutumiza meseji. Zilekanitseni ziwirizi. Pangani chotumizira meseji chapachokha chokhala ndi ntchito imodzi, yolandira nambala ndi mawu, ndipo kachigawo kowerengera fizi kasamadzipangire chotumiziracho, koma kazipatsidwa kuchokera kunja. Pulogalamu ikamagwira ntchito kusukulu izipatsidwa chenicheni, ndipo ikamayesedwa izipatsidwa mock. Mukatero mungathe kulemba mayeso amene kale sakanatheka. Kholo limene lamaliza fizi lisalandire kanthu, ndipo lamulo la mock lotchedwa assert_not_called likutsimikizirani zimenezi. Kholo limene latsala ndi K45,000 lilandire meseji imodzi yokha, yopita ku nambala yake, yokhala ndi chiwerengero chimenecho, ndipo apa mugwiritsa ntchito assert_called_once_with. Mayeso ofunika koposa ndi achitatu: kudzera mu side_effect muuzeni mock kuti alephere pa kholo lachiwiri, kenaka muone ngati pulogalamu yanu ipitirire kwa makolo otsalawo ndi kulemba kuti wachiwiriyo sanalandire, kapena ingofera pomwepo n'kusiya mndandanda wonse.

Pali misampha iwiri imene imakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Woyamba ndi wakuti mock wamba wa Python savuta, amavomera chilichonse. Mukalakwitsa dzina la ntchito imene mukuitana, kapena mukapereka zinthu zitatu pamene chenicheni chimalandira ziwiri, iye angovomera n'kukubwezerani mock wina, ndipo mock winayo mukamufunsa ngati ali woona kapena wabodza, Python imamutenga ngati woona. Mayeso amakhoza pamene khodi ili yolakwika. Mankhwala ake ndi create_autospec, imene imapanga mock wotengera maonekedwe a chinthu chenicheni ndipo amakana dzina lolakwika kapena chiwerengero cholakwika cha zinthu zoperekedwa. Msampha wachiwiri ndi wa patch, chida cholowetsera mock m'malo mwa chinthu chenicheni potchula dzina lake, imene iyenera kuloza pamalo pamene dzinalo likugwiritsidwira ntchito, osati pamene linalembedwa poyamba. Mukaloza molakwika, mock amakhala pawindo lina pamene pulogalamu yanu yapita pawindo lenileni, ndipo azakhali anu alandiranso meseji.

Za mock wa MSCE musazitaye, chifukwa fanizolo lili ndi nzeru yake. Mayeso aja ankakonzedwa ndi aphunzitsi poganizira zimene a MANEB angafunse, ndipo tonse tikudziwa anzathu amene anakhoza bwino mock koma mayeso enieni anawatembenukira. Werengani kalata yotsatirayi.

FUNSO: Akonzi, ndinalembera bambo wina wa nyumba zogonamo ophunzira pulogalamu ya Laravel (chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti) yolandirira lendi kudzera pa ndalama za pafoni. Ndinalemba mayeso oposa 140, ndinagwiritsa ntchito Http::fake, choyerekezera cha Laravel, m'malo mwa kampani ya ndalamayo, ndipo onse anali obiriwira, kutanthauza kuti anakhoza, tsiku limene ndinapereka ntchito. Kumapeto kwa mwezi woyamba, madzulo ena kukugwa mvula ndipo netiweki ikuvuta, ophunzira atatu anadulidwa lendi kawiri. Eni nyumbawo anandiimbira foni atakwiya kwambiri, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikuthamangira zobweza ndalama. Ngati mayeso sanagwire vuto lalikulu chonchi, ntchito yake n'chiyani? Ndikuganiza zongowasiya n'kumayesa ndi dzanja monga kale. Wokhumudwa, Chibavi.

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene zinakuchitikirani, koma mayeso anu sananame. Anayankha funso limene munawafunsa, ndipo funsolo linali lakuti, kodi pulogalamu yanga ikuchita bwino ngati kampani ya ndalama ikuyankha mmene ine ndikuganizira? Mock sadziwa kanthu za kampaniyo. Zonse zimene amanena munamuuza ndinu, choncho iye ndi chithunzi cha chikhulupiriro chanu, ndipo pamene chikhulupirirocho chili ndi bowo, mayeso nawonso ali ndi bowo lomwelo. Mtundu wobiriwira uja unali chikomekome cha mkuyu.

Ngakhale sindinaone khodi yanu, zimene mwafotokoza zikuloza ku bowo lodziwika bwino. Ambiri amaganiza kuti pempho lodula ndalama lili ndi mathero awiri, kutheka kapena kukanika, ndipo amalembera mayeso awiri amenewo. Mathero achitatu ndi chete. Pulogalamu yanu imatumiza pempho, kampani imalilandira, wophunzira amalowetsa nambala yake yachinsinsi, ndalama zimachoka, koma yankho limasochera m'njira kapena limafika pulogalamu yanu itatopa kale kudikira. Kumbali yanu chete ameneyu amaoneka chimodzimodzi ndi pempho limene silinafike n'komwe, ndipo ngati munaika retry kuti pulogalamu izibwereza yokha ikalephera, kapena ngati tsamba linauza wophunzira kuti ayesenso, pempho lachiwiri linapita ngati latsopano. Wophunzirayo ataona foni ikumufunsanso nambala yachinsinsi anaganiza kuti poyamba zinakanika, n'kulowetsanso.

Kukonza kwake kuli m'khodi. Malipiro aliwonse apatsidwe nambala yawoyawo yosabwereza asanatumizidwe, ndipo nambalayo isungidwe mu databesi yanu pempho lisanachoke. Yankho likapanda kubwera, malipirowo asalembedwe kuti akanika, koma kuti sakudziwika, ndipo pulogalamu isatumize pempho lina lodula ndalama isanafunse kaye kampaniyo za nambala ija. Kumbukiraninso kuti makampani ambiri amatumiza uthenga wotsimikizira ku seva yanu, kompyuta imene pulogalamu yanu imayenderapo, malipiro akatheka, ndipo uthenga umenewu ungathe kufika kawiri kapena kufika mochedwa, choncho wachiwiri usachititse kuti wophunzira alembedwe kuti walipira miyezi iwiri.

Apa m'pamene ndikusiyana nanu pa ganizo lotaya mayeso, chifukwa vuto lanu ndi lomwe mock anapangidwira. Ndi dzanja simungaiuze netiweki kuti idule ndendende pakati pa pempho ndi yankho; mungadikire mvula ina, koma simudziwa kuti idzadula liti. Ndi Http::fake mungathe kuchititsa kuti pempho loyamba lithere mu ConnectionException, cholakwa chosonyeza kuti netiweki yadula, nthawi iliyonse imene mwafuna, kenaka ndi Http::assertSentCount kapena Http::assertSent mutsimikize kuti pempho lodula ndalama lapita kamodzi kokha ndipo lotsatira linali longofunsa. Mungathenso kutumiza uthenga wotsimikizira womwewo kawiri n'kuona ngati lendi yalembedwa kamodzi. Mayeso atatu kapena anayi oterewa ndi aphindu kuposa makumi a mayeso obwereza nkhani ya malipiro oyenda bwino. Yatsaninso Http::preventStrayRequests kuti pempho lililonse limene mwaiwala kuliyerekezera likanidwe m'malo mopita kukampani yeniyeni.

Komabe pali mtundu wina wa cholakwa umene mock sangaugwire ngakhale mutamulemba mwaluso chotani, ndipo umenewu ndi kusamvana pa pangano lenilenilo. Chitsanzo chotchuka ndi chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter, chimene chinatayika pa 23 Seputembala 1999 chikufika ku pulaneti ya Mars. Pulogalamu ina ya pansi pano inkatulutsa ziwerengero za mphamvu m'miyeso ya mapaundi, pamene pulogalamu yolandira inkaziwerenga ngati zili m'miyeso ya newton monga mmene pangano lolembedwa linkanenera, ndipo kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndi pafupifupi kanayi ndi theka. Mbali iliyonse payokha inkawerengera molondola, koma chombocho chinatsika kwambiri kuposa mmene chinayenera, n'kutayika. Kwathu kuno zofanana nazo n'zosavuta kuzipeza. Makampani ena olandira malipiro amafuna chiwerengero m'matambala, ena m'makwacha, ndipo kusiyana kwake ndi ka 100. Ena amafuna nambala ya foni yoyamba ndi 265, ena yoyamba ndi 0. Ena amabweza chiwerengero ngati nambala, ena ngati mawu. Mukamvetsa molakwika chimodzi mwa zimenezi, mudzalemba khodi yolakwika ndi mock wolakwika mofanana, ndipo awiriwo adzagwirizana bwinobwino mpaka tsiku limene ndalama zenizeni zidzayende.

N'chifukwa chake Steve Freeman, Nat Pryce ndi anzawo analangiza mu 2004 kuti munthu aziyerekezera zinthu zake zokha, osati za eni ake. Tanthauzo lake pantchito yanu ndi ili: lembani mkhalapakati mmodzi wamng'ono, amene ndi yekhayo wodziwa chiyankhulo cha kampani ya ndalama, ndipo pulogalamu yonse izilankhula ndi iye m'mawu anuanu, monga dula, funsa ndi bweza. Mayeso ambiri aziyerekezera mkhalapakatiyo, popeza pangano lake munalemba ndinu ndipo simungalimve molakwika. Mkhalapakati mwiniwakeyo ayesedwe ndi kampani yeniyeni pa sandbox, malo oyesera amene makampani ambiri amapereka kwa olemba mapulogalamu. Mayeso amenewa ndi ochedwa ndipo amafuna intaneti, choncho safunika kuyenda nthawi zonse. Kamodzi pa tsiku, kapena musanatulutse zosintha, n'kokwanira. Mayankho amene sandbox yakubwezerani muwasunge mmene alili, ndipo amenewo ndiwo muzidyetsa Http::fake m'malo mwa mayankho olemba pamtima. Ubwino wina wa mkhalapakati ndi wakuti tsiku limene eni nyumba adzafune kuwonjezera kampani yachiwiri, mudzangolemba mkhalapakati wina popanda kugwedeza pulogalamu yonse. Pamene mbali zonse ziwiri ndi zanu kapena za anzanu a ofesi imodzi, pali zida monga Pact, imene inayambira ku Australia mu 2013, zimene zimatenga zoyembekezera za mbali yopempha n'kukaziyesa pa mbali yoyankha, kuti mock ndi chenicheni zisasiyane mwakachetechete.

FUNSO: Akonzi, kuofesi kwathu timalemba Java ndipo timagwiritsa ntchito Mockito popanga ma mock. Vuto langa ndi lakuti ndikangokonza kalembedwe ka khodi, osasintha chimene pulogalamu imachita, mayeso makumi awiri kapena atatu amafiira, kutanthauza kuti alephera, ndipo ndimatha tsiku lonse ndikuwakonza. Anzanga afika poopa kukhudza khodi yakale. Komanso ena amati stub, ena amati mock, ena fake, ndipo sindikudziwa ngati pali kusiyana. Mayi wa ku Katoto.

YANKHO: Mayi, kusiyana kulipo, ndipo vuto lanu lagona pomwepo. Gerard Meszaros, m'buku lake la 2007 lonena za kalembedwe ka mayeso, anazipatsa zonsezi dzina limodzi lakuti test double, potengera munthu amene amalowa m'malo mwa katswiri wa kanema pamalo oopsa. Stub amangoyankha zimene wauzidwa ndipo safunsidwa kanthu pambuyo pake. Fake ndi chinthu chogwiradi ntchito koma chopepuka, monga chosungira zinthu chimene chimasunga m'memori m'malo mwa databesi. Mock ndi amene amafunsidwa pamapeto kuti anaitanidwa kangati ndiponso motani. Martin Fowler, wolemba mabuku a za mapulogalamu, analongosola kuti pali njira ziwiri zotsimikizira: kuona zotsatira, kapena kuona mmene zigawo zalankhulirana. Mockito, imene anaiyamba Szczepan Faber, imachita za stub ndi za mock ndi mawu amodzi akuti mock, ndipo n'chifukwa chake mayinawa amasokonekera pakamwa pa anthu. Mu Mockito, when ndiye amapanga stub, pamene verify ndiye amasandutsa chinthucho kukhala mock weniweni.

Tsegulani mayeso amene amafiira kawirikawiri muwerenge ma verify amene alimo. Ndikukhulupirira kuti mupeza mayeso amene akungobwereza khodi mzere ndi mzere, kunena kuti choyamba iitane ichi, kenaka icho, kenaka chija. Mayeso otere sakuyesa ngati ntchito yagwirika, akuyesa ngati yagwirika m'njira imene mlembi woyamba anaisankha, ndipo ali ngati kapitawo amene saona ngati munda walimidwa koma amawerenga kuti khasu lakwezedwa kangati. Mukasintha njira, amafiira ngakhale munda uli wolimidwa bwino.

Langizo langa ndi lakuti verify asungidwire zochita zimene zimatuluka kunja ndipo sizibwerera, monga kutumiza meseji, kudula ndalama kapena kulemba kalata ya imelo, chifukwa pamenepo kuitana kwenikweniko ndiye zotsatira zake. Pamene khodi ikungofunsa kuti ipeze chinthu, ipatseni stub ndipo muone chimene yatulutsa pamapeto, osawerenga kuti yafunsa kangati. Zinthu zongowerengera, monga chowerengera msonkho kapena chosinthira deti, musaziyerekezere n'komwe, popeza n'zothamanga kale ndipo zenizenizo zimagwira zolakwa zimene choyerekezera chingabise. Ndipo mukapeza kuti mayeso amodzi akufuna ma mock asanu ndi mmodzi kuti ayambe n'komwe, vuto silili m'mayesomo, koma class, chigawo cha khodi chimene mukuyesacho, yasenza ntchito zambiri ndipo ikufunika kugawidwa. Musachite zonse tsiku limodzi. Mayeso akafiira popanda chifukwa chenicheni, alembeninso amenewo okha, ndipo pakutha kwa miyezi ingapo mantha a anzanu adzachepa.

FUNSO: Akonzi, kodi databesi nayo ndiyenera kuiyerekezera ndi mock? Mphunzitsi wa makompyuta, Chiputula.

YANKHO: Aphunzitsi, pa khodi imene ntchito yake ndi kufunsa databesi, yankho ndi ayi. Mock sawerenga SQL, chiyankhulo chofunsira databesi, choncho funso lolembedwa molakwika amalivomera mofanana ndi lolondola. Ambiri amathawira ku databesi yopepuka ya SQLite ya m'memori chifukwa ndi yothamanga, ndipo imathandizadi, koma dziwani kuti SQLite siletsa mawu otalika kuposa malire amene munaika pa VARCHAR, malo osungira mawu, ndipo imalekerera mitundu ya zinthu kuposa MySQL kapena PostgreSQL, moti mayeso angakhoze pakompyuta yanu n'kukagwa pa seva. Mafunso a SQL ayesedwe pa databesi ya mtundu womwewo umene uli pa seva, yopanda kanthu, yokonzedwa mwatsopano pa mayeso aliwonse. Zigawo zapamwamba, zimene zimangofuna kuti zipatsidwe wophunzira kapena mndandanda wa ngongole, zingathe kupatsidwa fake.

FUNSO: Akonzi, ndimasamalira pulogalamu ya gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Lamulo lathu ndi lakuti wobweza ngongole pambuyo pa tsiku lomaliza la mwezi amalipira chindapusa. Mayeso anga a chindapusachi amakhoza masiku ena n'kulephera masiku ena popanda kusintha kalikonse, ndipo mnzanga akuti ndizisintha deti la kompyuta yanga ndikamayesa. Kodi palibe njira ina? Mlembi wa gulu, Zolozolo.

YANKHO: Achemwali, deti la kompyuta musalikhudze, chifukwa musokoneza zinthu zina zambiri zimene zimalidalira, kuyambira pa masatifiketi a masamba a intaneti. Wotchi nayo ndi chinthu chakunja chimene pulogalamu yanu imafunsa, chimodzimodzi ndi kampani ya mameseji ija, kungoti sitizolowera kuiona choncho. Mayeso anu akusinthasintha chifukwa khodi ikudzifunsira yokha kuti lero ndi liti, ndipo yankho limadalira tsiku limene mwayendetsa mayesowo. Ipatseni wotchi kuchokera kunja. Mu Java muli java.time.Clock kuyambira pa Java 8 ya 2014, ndipo Clock.fixed imaimitsa nthawi pamene mwafuna. Mu Laravel muli travelTo ndi Carbon::setTestNow, ndipo mu Python ambiri amagwiritsa ntchito freezegun. Apa simufunika kutsimikizira kuti wotchi yafunsidwa kangati. Stub wamba ndi wokwanira.

Mukaimitsa nthawi, yesani m'malire, chifukwa m'pamene zolakwa zimabisala. Yesani mphindi yomaliza ya tsiku lomaliza la mwezi ndi mphindi yoyamba ya mwezi wotsatira. Yesani mwezi wa masiku 30 ndi wa masiku 31, 28 Febuluwale wa chaka wamba ndi 29 Febuluwale wa chaka monga 2024 kapena 2028, ndiponso kuchoka pa 31 Disembala kulowa pa 1 Januwale. Chomaliza chimene ambiri amaiwala n'chakuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, imene maseva ambiri obwereka kunja amayendera. Pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, kuno tsiku lasintha kale pamene seva ikadali dzulo. Membala amene wabweza ngongole pafoni 1 koloko usiku wa pa 1 angathe kuthawa chindapusa chimene malamulo a gulu lanu akuti alipire, ndipo lipoti la mwezi lingamuike m'mwezi wolakwika. Lembani mayeso oimitsa wotchi pa 23:30 ya UTC pa tsiku lomaliza la mwezi, ndipo pulogalamu iyenera kunena kuti membalayo wachedwa, chifukwa ku Zolozolo nthawi imeneyo ndi 1:30 ya pa 1.